Mnansi Wanga Ndani? Chiphunzitso cha Ayuda ndi Akhristu Tikachimvera ku Joni

M'mipingo yathu ya Amalawi muno mu Johannesburg, kaya timapemphera muholo ya lendi ku Rosettenville kaya m'kalasi ya sukulu ku Cosmo City, muli chiphunzitso china chimene tinachizolowera: chakuti Ayuda anali ndi malamulo ouma a diso kulipa diso, kenako Yesu anadzabweretsa chikondi. Chimakoma kuchimva, koma si choona. Choipa kwambiri n'chakuti chimatibisira zinthu zimene ife okhala m'dziko la eni tikuzifuna tsiku ndi tsiku. Lamulo lakuti uzikonda mnansi wako monga umadzikondera wekha silinayambire mu Uthenga Wabwino. Lili pa Levitiko 19:18, m'kati mwenimweni mwa mabuku a Mose. Pa Luka 10 si Yesu n'komwe amene akulitchula. Akulitchula ndi katswiri wa malamulo a Chiyuda amene anabwera kudzamuyesa, ndipo Yesu akungomuvomereza kuti wayankha bwino.

Mukawerenga mutu 19 wonse wa Levitiko mudabwa kuti sukukamba kwenikweni za mmene mtima ukumvera. Ukukamba za munda, sikelo ndi malipiro. Pokolola usamalize m'mphepete mwa munda ndipo usakunkhe zotsala, uzisiyire wosauka ndi mlendo. Malipiro a waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa. Usatukwane wogontha, usaike chopunthwitsa kutsogolo kwa wosaona. Poweruza mlandu usakondere wolemera, ngakhalenso wosauka. Usayende uku ndi uku kufesa miseche. Mbale wako akalakwa umdzudzule pamaso m'malo momusungira chidani mumtima. Usabwezere, usasunge mangawa. Zonsezi zikatha m'pamene pakubwera mawu otchukawo, ngati chingwe chomangira mtolo wonse. Chikondi cha m'mutu umenewu munthu atha kuchiona ndi maso, ngakhale kuchiwerenga pamanja tsiku lolandira.

Deuteronomo 24:14-15 akuwonjezera zimene aliyense wogwira ntchito m'magadeni kapena m'nyumba za anthu angazimve m'mafupa. Akuti usapondereze waganyu wosauka, kaya ndi mbale wako kaya ndi mlendo wokhala m'midzi mwako. Umlipire dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa ndalamayo. Amene anauzidwapo kuti "ubwere Lachisanu", Lachisanu litafika n'kuuzidwa kuti akalimbikira amuitanira apolisi popeza alibe mapepala, akudziwa chimene lembali likunena.

Mlendo akutchulidwa dala. Pa Levitiko 19:33-34 lamulo lomwe lija likubwerezedwa, koma tsopano pa munthu wobwera: akhale kwa inu ngati mbadwa, mumkonde monga mudzikondera nokha, pakuti inunso munali alendo ku Iguputo. Eksodo 23:9 akuti inu mukuudziwa mtima wa mlendo. Mu Talmud, buku lalikulu la zokambirana za arabi (aphunzitsi a Chiyuda) limene linasonkhanitsidwa zaka mazana angapo pambuyo pa Yesu, Rabbi Eliezer akuti malamulo a Mose amachenjeza za mlendo ka 36, ena amati ka 46. Chifukwa chimene chaperekedwacho tichimvetse bwino. Sakuuza mlendo kuti ali ndi ufulu wakutiwakuti. Akulankhula kwa munthu amene anali mlendo dzulo, lero wakhazikika, ndipo akumuuza kuti kuvutika kwake kwakale ndi ngongole. Ndime imeneyi timakonda kuiwerengera eni dziko, koma imagwiranso mtchona amene ali ndi chilolezo chokhala muno, galimoto ndi nyumba, pamene kwafika mnyamata wa dzana kuchokera ku Mangochi kapena ku Mzimba ndi kachikwama kamodzi.

Arabi akale analimbana nalo lamuloli kuposa mmene ambiri a ife timaganizira. Hillel, amene anakhala ku Yerusalemu nthawi yoyandikana ndi kubadwa kwa Yesu, anafikiridwa ndi munthu wosakhala Myuda amene anati amuphunzitse malamulo onse iye ataima ndi mwendo umodzi. Mphunzitsi wina, Shammai, anali atamuthamangitsa kale ndi ndodo yoyezera pomanga. Hillel anamuuza kuti chimene iwe umadana nacho usamchitire mnzako, amenewo ndiwo malamulo onse, zotsalazo n'zongofotokozera, pita ukaphunzire. Mawu omalizawo amaiwalika kawirikawiri, koma ndi ofunika. Kudziwa lamulo n'kwapafupi. Kudziwa chimene likufuna pa nkhani ya lendi, ya ngongole kapena ya mkazi wamasiye kumafuna kuphunzira.

Patapita zaka zoposa 100, Rabbi Akiva, amene Aroma anamupha cha m'ma 135, anati kukonda mnansi ndiyo mfundo yaikulu ya m'malamulo. Mnzake Ben Azzai anati ilipo ina yoposa pamenepo, ya pa Genesis 5:1, yakuti anthu onse ndi mbadwa za Adamu ndipo anapangidwa m'chifanizo cha Mulungu. Ofotokozera akale anapereka chifukwa chimene chimandikhudza kwambiri: munthu asanene kuti popeza ine ndinanyozedwa, mnzanganso anyozedwe. Ngati muyeso wa chikondi uli mmene ndimadzionera ndekha, nanga tsiku limene ndadzitaya, nditazolowera kutukwanidwa ndi kugona pa makatoni? Mawu akuti "ifenso tinavutika pobwera, nayenso aione" ndawamva kwa anthu opemphera bwino ndithu. Ben Azzai akuwatseka pakamwa: ulemu wa mnzako suchokera pa mmene iwe anakuchitira, uchokera kwa amene anamulenga. Mishnah, buku la malamulo a Chiyuda limene linalembedwa cha m'ma 200, imati Adamu analengedwa yekha kuti pasapezeke wouza mnzake kuti atate anga ndi aakulu kuposa atate ako.

Tisabise mbali inayo. Arabi ambiri, potanthauzira malamulo, ankaona kuti mnansi wa pa ndime 18 ndi Mwisiraeli mnzako, ndipo mlendo wa pa ndime 34 ndi amene walowa Chiyuda. Anthu ochepa okhala pansi pa maufumu a ena, amene nthawi zambiri ankazunzidwa, anamanga mpanda wothina. Komabe Talmud yomweyo imalamula kudyetsa osauka a mitundu ina pamodzi ndi osauka a Isiraeli, kuzonda odwala awo ndi kuika maliro awo, chifukwa cha njira za mtendere. Mpanda unalipo, koma unali ndi zipata.

Nanga Yesu anawonjezera chiyani? Analumikiza kukonda Mulungu, kwa pa Deuteronomo 6:5, ndi kukonda mnansi, n'kunena kuti malamulo onse ndi aneneri akoloweka pa awiriwa. Pa Maliko 12 mlembi wa Chiyuda akugwirizana naye ndi mtima wonse, ndipo Yesu akumuuza kuti sali kutali ndi ufumu wa Mulungu. Pamene Yesu anakankhira patali ndi pa Mateyu 5:44, polamula kukonda adani ndi kupempherera ozunza. Apanso tisamale. Mawu akuti "uzida mdani wako" amene iye akuwatsutsa mulibe m'mabuku a Mose. Mose anati ukapeza ng'ombe kapena bulu wa mdani wako atasochera umubwezere, ndipo Miyambo 25:21 imati mdani wako akamva njala umpatse chakudya. Koma analipo magulu ena nthawi imeneyo, monga a ku Qumran amene mipukutu yawo inayamba kupezeka mu 1947, ophunzitsa kuda amene ankawatcha ana a mdima. Yesu anatenga mbali pa mkangano umene unali pakati pa Ayuda okhaokha, ndipo anaitenga mpaka kumapeto kwake.

Fanizo la Msamariya ndi pamene zonsezi zikukumana. Msewu wochoka ku Yerusalemu kupita ku Yeriko ndi wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka mamita oposa 1,000 kudutsa m'chipululu, wodziwika ndi achifwamba. Wansembe akulambalala, Mlevi akulambalala. Omvera ankayembekeza kuti wachitatu akhala Mwisiraeli wamba, chifukwa anthu awo ankagawidwa motero. M'malo mwake akubwera Msamariya. Udani wa mitundu iwiriyi unali wa magazi: zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, mtsogoleri wa Ayuda John Hyrcanus anagwetsa kachisi wa Asamariya pa phiri la Gerizimu. Msamariyayo sakulankhula za chikondi. Akuthira mafuta ndi vinyo pa mabala, akukweza wovulalayo pa chiweto chake, akugona naye kunyumba ya alendo, m'mawa akusiya madinari 2, amene anali malipiro a waganyu a masiku awiri, n'kulonjeza kudzalipira zotsala.

Katswiri uja anafunsa kuti mnansi wanga ndani, kutanthauza kuti malire ali pati. Yesu anatembenuza funsolo: ndani mwa atatuwa anakhala mnansi wa wovulala uja? Ndipo onani pamene womvera waikidwa. Wovulalayo akuchokera ku Yerusalemu, ndi mnzawo wa omverawo. Iwo ali m'ngalande, ndipo dzanja lowatola ndi la munthu amene sakanamwa naye madzi chikho chimodzi. Alaliki amene amagwiritsa ntchito fanizoli ponyoza Ayuda alipotoza, chifukwa wolinena, olimva ndi wovulala onse ndi Ayuda. Likunena za aliyense amene ali ndi chifukwa chomveka chodutsira tsidya lina la msewu.

Akhristu nawonso ali ndi mpanda wawo wam'kati, ngakhale sitikonda kuvomera. Lamulo latsopano la pa Yohane 13:34 ndi lakuti ophunzira akondane okhaokha. Paulo pa Agalatiya 6:10 akuti tichitire onse zabwino, koma makamaka a banja la chikhulupiriro. Pa 1 Timoteyo 5:8 akuti wosasamalira a pabanja pake ndi woipa kuposa wosakhulupirira. Choncho zipembedzo ziwirizi zili ndi ubale wa pafupi ndiponso udindo kwa munthu aliyense, ndipo zonse ziwiri zakhala zikuvutika kuti ziwirizi ziyendere limodzi.

Mzinda uno ndi umboni wa kuvutikako. Ayuda ambiri a kuno makolo awo anachokera ku Lithuania, osauka, kuthawa nkhanza, golide atapezeka mu 1886. Pofika 1888 anali atayambitsa kale Chevrah Kadisha, bungwe loika maliro ndi kuthandiza osowa, limene lilipo mpaka lero. Iwonso anali alendo osafunidwa. Lamulo la Quota Act la 1930 linachepetsa olowa kuchokera kum'mawa kwa Ulaya, ndipo la Aliens Act la 1937 linatsekera khomo ambiri othawa Hitler. Ayuda 6 miliyoni anaphedwa m'mayiko amene anthu ake ochuluka anali obatizidwa, pambuyo pa zaka mazanamazana za maulaliki owatcha opha Khristu. Mpingo wa Katolika unakana poyera chiphunzitso chimenechi mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate. Amene angapeze mpata apite ku Johannesburg Holocaust and Genocide Centre ku Forest Town, kumene nkhaniyi ikufotokozedwa pamodzi ndi ya ku Rwanda ya 1994.

Koma kuvutika sikusandutsa mtundu wonse kukhala olungama. Nthawi ya tsankho, loya wa Chiyuda Lazar Sidelsky analemba ntchito Nelson Mandela ali mnyamata, pamene maofesi ena sakanayerekeza. Helen Suzman, phungu wa ku Houghton, anakhala yekhayekha wa chipani chake m'nyumba ya malamulo zaka 13 akutsutsa boma. Komanso woimira boma pa mlandu wa Rivonia umene unatsekeretsa Mandela m'ndende, Percy Yutar, anali Myuda wodziwika m'sunagoge. Bungwe loimira Ayuda a m'dziko lino linadzatsutsa tsankho mosapita m'mbali mu 1985, ndipo mu 1997 mkulu wa arabi Cyril Harris anapepesa pamaso pa komiti ya Truth and Reconciliation, yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho, chifukwa cha kukhala chete kwa ambiri.

Mbali ya Akhristu imatikhudza ife mwachindunji. Mpingo wa Dutch Reformed ndi umene unatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, kenako Nkhoma, ndipo mmodzi wa amishonale ake, William Murray, anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Mpingo womwewo kuno kwawo unali utalola kale mu 1857 kuti azungu ndi akuda azipemphera padera, ndipo pambuyo pake unafunira tsankho mavesi. Anthu 69 ataphedwa ndi apolisi ku Sharpeville mu March 1960, atsogoleri a mipingo anakumana ku Cottesloe muno mu Johannesburg mu December chaka chomwecho n'kugwirizana kuti wokhulupirira aliyense asatsekeredwe kunja kwa tchalitchi chifukwa cha khungu. Nduna yaikulu Verwoerd inakwiya, masinodi a Dutch Reformed anabwerera m'mbuyo. Beyers Naudé, m'busa wa mpingo wa Dutch Reformed wa ku Aasvoëlkop, anakana kubwerera nawo, ndipo mu 1963 anataya ubusa wake. Anthu amene anatibweretsera Levitiko 19 m'chinenero chathu anali ndi abale amene ankawerenga mutu womwewo Lamulungu lililonse osaona wantchito wogona m'kanyumba ka kuseri.

Mu May 2008 zipolowe zodana ndi obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse. Anafa anthu 62, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu anali nzika za dziko lino. Ambiri a ife tikukumbukira mantha a masiku amenewo ndi a 2015, koma tizikumbukiranso amene anatsegula makomo. Alipo Amalawi amene anabisidwa ndi eni nyumba a Chizulu ndi a Chisotho, amene anaika moyo wawo pachiswe. Tchalitchi cha Central Methodist pa Pritchard Street, pansi pa Bishopu Paul Verryn, chinasunga anthu masauzande, ambiri a ku Zimbabwe, kwa zaka zingapo. Anthu ankagona pa masitepe ndi pakati pa mabenchi, ukhondo unavuta, akhristu ena anadandaula, oyandikana nawo anapita kukhoti. Madandaulowo sanali abodza. Chikondi chotere chili ndi mtengo, ndipo Msamariya naye analipira.

Apa m'pamene pali funso lovuta, limene mayi wa ku Soweto wosowa ntchito ali ndi ufulu wolifunsa: ngati chakudya sichikwanira onse, woyamba ndani? Mabuku akalewo sanalithawe. Talmud imakamba za anthu awiri m'chipululu ndi botolo limodzi la madzi, lokwanira kupulumutsa mmodzi yekha. Ben Petura anati amwe onse ngakhale afe onse, mmodzi asaonerere imfa ya mnzake. Akiva, yemwe uja wa mfundo yaikulu, anati moyo wako uyambe. Pena imati osauka a mumzinda wako ayambe, a mzinda wina pambuyo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anaphunzitsa kuti anthu onse tiwakonde mofanana, koma popeza sungathandize onse, yamba ndi amene malo ndi nthawi zakuyandikizitsa nawo. Kotero kuyamba ndi a kwanu si tchimo. Koma kuika anthu pa mzere wa woyamba ndi wachiwiri n'kosiyana kutalitali ndi kuima pa chipata cha chipatala n'kubweza mayi woyembekezera, monga magulu olimbana ndi obwera onga Operation Dudula akhala akuchitira. Ndipo muyeso wa Augustine ndi kuyandikana, osati pasipoti. Amene mukukhala naye mpanda umodzi ku Diepsloot ndiye wa mumzinda wako.

Maimonides, mphunzitsi wa Chiyuda amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anasanja kupereka m'makwerero 8. Pansi penipeni pali wopereka monyinyirika. Pamwamba pa onse pali wopatsa mnzake ngongole, kuchita naye bizinesi limodzi kapena kumpezera ntchito kuti asadzapemphenso. Kwerero lapamwambali Amalawi a kuno timalidziwa, chifukwa ambiri tinapeza ntchito yoyamba chifukwa mbale wina anatitchula kwa abwana ake. Koma tikudziwanso amene amagulitsa ntchito kwa mnzawo, malipiro a mwezi woyamba onse n'kukhala awo. Tikudziwa matransipota ena amene amasunga munthu m'chipinda, pasipoti atamulanda, mpaka abale atumize ndalama zoonjezera. Tikudziwa kapitawo wa Chimalawi pa ntchito yomanga amene walandira cheke chonse kwa mwini nyumba, anyamata ake n'kumawauza kuti mzungu sanalipire. Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa oterowo amafuula, ndipo sakufunsa kuti wowabisayo ndi wa mtundu wanji.

Pa maliro ndi pamene ubale wathu umaoneka bwino, komanso pamene malire ake amaonekera. Uthenga ukangofika pa gulu la WhatsApp, msonkhamsonkha umayamba. Mlembi amakhala pa kreti pakhomo la siwa, kope pa bondo, kulemba dzina ndi ndalama: uyu R50, uyu R200, mayi wina wogulitsa tomato R20 ya masiliva yomangidwa pa nsonga ya chitenje. Anthu amene sanadye masana amapereka kuti thupi likwere galimoto, lidutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza kapena Dedza, likagone kwawo. Ndi chinthu chopatulika ndithu, ndipo Ayuda amati chifundo chochitira wakufa ndicho chenicheni chifukwa iye sangakubwezere. Koma funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi malemuwa kwawo n'kuti? Amapemphera kuti?" Yankho likakhala boma lina, kapena mzikiti m'malo mwa tchalitchi, mafoni ena amangoti zii. Moto wa pa 31 August 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu 76, sunafunse zimenezo. Munali Amalawi, Atanzania ndi eni dziko, Asilamu ndi Akhristu, onse olipira lendi pa tizipinda ta matabwa.

Mpingo woyamba weniweni unakumana ndi vuto lomweli usanathe zaka zambiri. Pa Machitidwe 6, okhulupirira olankhula Chigiriki, amene ambiri anali obwera mu Yerusalemu, anadandaula kuti amasiye awo akudumphidwa pa kagawidwe ka chakudya ka tsiku ndi tsiku. Onse anali Ayuda, onse anali a Yesu, onse ankatchulana abale, koma mbale ya nsima inkadziwa chinenero. Atumwi sanawauze kuti apirire kapena kuti akugawanitsa mpingo. Anaitanitsa gulu lonse n'kuliuza kuti lisankhe amuna 7 oti ayang'anire ntchitoyo. Osankhidwawo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya amene anachita kulowa Chiyuda, onse ali ndi mayina a Chigiriki, ndipo ofufuza Baibulo ambiri amaona kuti thumba la chakudya linaperekedwa m'manja mwa mbali yomwe inkadandaulayo.